Masewera a pa foni angathandize kufotokoza nkhani ya chambo

Chaka chilichonse, m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, nthambi ya boma yoona za usodzi imaletsa kukoka makoka pa nyanja ya Malawi pofuna kuti chambo chiswane. Manyuzipepala amalemba za chiletsochi ndi za maukonde olandidwa, koma owerenga a mu Blantyre ndi Lilongwe kawirikawiri samva chimene chimachititsa msodzi wa ku Lungwena, kugombe la kum'mawa m'boma la Mangochi, kupalasa bwato usiku pamene lamulo akulidziwa bwino.

Atolankhani a maiko ena anayesa njira ina yofotokozera nkhani zotere, ndiyo masewera a pa kompyuta ndi pa foni. Mu 2014 wailesi ya kanema ya Al Jazeera inatulutsa Pirate Fishing, masewera amene amasandutsa wowerenga kukhala mtolankhani wosonkhanitsa umboni wa zombo zoba nsomba m'madzi a dziko la Sierra Leone. Mu 2017 nyuzipepala ya Financial Times inapanga The Uber Game kuchokera pa zimene madalaivala enieni anafotokoza. Wosewera amayendetsa galimoto kwa sabata imodzi, n'kuona yekha ngati ndalama zikukwana.

Mphamvu ya masewerawa ili pa kusankha. Nkhani yolembedwa imauza munthu zimene zinachitika, pamene masewera amamusenzetsa chiganizo ndi zotsatira zake. Masewera a za Lungwena angamuike wowerenga m'bwato mwezi wa Disembala, ufa utatha m'nyumba, ngongole ya ukonde ikudikira. Akalowa m'madzi, ana adya lero, koma chambo cha chaka chamawa chichepa. Akatsala kumtunda, nyanja ipuma, koma pakhomo agona ndi njala. Munthu amene wadutsa pamenepa sangafulumire kunena kuti asodzi ndi osamva, ndipo angayambe kufunsa chimene boma likuwapatsa m'miyezi ya chiletso.

Zopinga zilipo. Amalawi ambiri sali pa intaneti, ndipo bandulo ndi yodula kwa munthu wa kumudzi. Kupanga masewera kumafuna nthawi ndi akatswiri, zimene nyumba zofalitsa nkhani m'dziko muno zimasowa. Choopsa china n'chakuti malamulo a masewera amalembedwa ndi munthu. Akaika molakwa mtengo wa nsomba kapena kukula kwa chindapusa, ndiye kuti wafalitsa bodza limene wosewera sangalizindikire msanga.

Choncho masewera otere ayenera kutsata mwambo wa utolankhani: mtolankhani afike padoko, amve asodzi, amayi ogulitsa usipa ndi makomiti oyang'anira madoko, ndipo nambala iliyonse itsimikizidwe. Akhalenso opepuka pa foni wamba, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti eni nkhani a ku Lungwena athe kuwasewera ndi kukonza pamene palakwika.