KABAWI WA KU CHIRUNGA ADZAULUKANSO?

Abale anzanga, sabata ino za ndale tapumira kaye. Tikambe za mpira uja woponyera m'dengu, basiketibolo, maka timu yanga ya pamtima, Chanco Hawks ya ku Zomba. Inde, ndikudziwa kuti kuno ku Nkhudzi mukatchula mpira anthu amangoganiza za Bullets ndi Manoma, amayi nawo ntchemberembaye basi. Koma ife ochemerera basiketibolo tilipo, ngakhale tili owerengeka ngati chambo cha masiku ano.

Tinene chilungamo, pakuti chilungamo sichipha. Zaka zino mukamva za zikho zikuluzikulu za basiketibolo m'dziko muno, dzina lomveka ndi Bravehearts ya ku Lilongwe. Ma Hawks athu dzina lawo limatchulidwa mwa apo ndi apo, ngati mlendo wa pamaliro. Hawk paja ndi kabawi, mbalame yoti nkhuku ikangoona mthunzi wake imaitana anapiye. Nanga kabawi wathuyu bwanji nkhuku zikumuyendera pamsana? Kodi mawa lake lilipo? Ine ndikuti lilipo, koma si la chaka chino ayi. Taimani ndifotokoze.

Vuto loyamba ndi lobadwa nalo. Timu ya pakoleji ili ngati mtsuko wobooka. Mnyamata amafika ku Chirunga asakudziwa bwino kugunditsa mpira pansi, chaka chachiwiri wayamba kuona dengu, chachitatu wapsa, chachinayi uyo wavala mkanjo mu Great Hall, digiri m'manja, wapita. Kochi kuyambanso kuumba ena. Pamene makalabu a m'tauni osewera awo amakhala limodzi zaka ndi zaka mpaka kudziwana ndi kutsokomola komwe. Pabwalo pamalowa anthu 5 okha mbali iliyonse, ndiye mukataya awiri odalirika nthawi imodzi, timu yagwa msana.

Chachiwiri, kalendala ya sukulu ndi ya ligi sizimwerana madzi. Ligi ya kum'mwera kuno, SOZOBAL, ikatentha, ana a sukulu ali pa mayeso kapena ali kumudzi pa holide, wina ku Chitipa wina ku Nsanje. Onjezanipo kutsekatseka. Mu 2011 maphunziro pa Chanco anaima pafupifupi miyezi 8 pa nkhani ija ya ufulu wa aphunzitsi. Mu Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa kaamba ka Covid-19. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anaimitsanso zinthu kum'mwera kuno. Timu imakula ndi kusewera, abale. Bwato lokhalitsa pamtunda limang'aluka.

Chachitatu ndi chija tonse tikuchidziwa, khobidi. Masewero ambiri a ligi amachitikira pa Blantyre Youth Centre, makilomita oposa 60 kuchoka ku Zomba. Pamafunika basi, mafuta, chakudya, mipira ndi nsapato. Zonsezi kupatula nsima n'zoitanitsa kunja, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwana wa sukulu wodalira ngongole ya boma asankhe chiyani pakati pa nsapato za masewero ndi lendi ya ku Chikanda? Yankho mukulidziwa nokha.

Chachinayi, banja lija linagawana ziwiya. Kale University of Malawi inali nkhokwe imodzi. Bunda inachoka n'kukhala LUANAR, kenaka mu 2021 Poly inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS, Chanco n'kutsala ndi dzina la UNIMA. Onjezani MUST ku Thyolo, Mzuni ku Mzuzu ndi makoleji oyima paokha ali mbwee. Ana aluso amwazikana. Komanso kumbukirani kuti ku yunivesite ya boma amakusankha poona mapointi a MSCE, sayeza msinkhu ayi. Ukhoza kutalika ngati mgwalangwa, koma ngati masamu anakukana, ku Chirunga ukuonera pa chithunzi.

Mwina mukuti, a kolamu inu, ndiye maliro amenewa bwanji osangoika? Ayi, pepani. Mpira umenewu kwawo ndi kukoleji. Anauyambitsa ndi mphunzitsi, James Naismith, mu 1891 pa koleji ina ku Springfield m'dziko la America, pokhomera madengu awiri a zipatso m'mwamba kuti ana asukulu asamangokhala nyengo yozizira. Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria ankasewera mpira wa miyendo ngati goloboyi, basiketibolo anaiyamba ali kale mnyamata wa zaka za m'ma 15, koma University of Houston inamusula mpaka anatenga chikho cha NBA mu 1994 ndi 1995. Malemu Dikembe Mutombo wa ku Congo, amene anatisiya mu 2024, anapita ku Georgetown ndi maganizo odzakhala dokotala, koleji n'kumuonetsa dengu. Manute Bol wa ku Sudan, wotalika mamita 2.31, anali wolisha ng'ombe. Onsewa anadzera pa khomo la koleji.

Ngakhale konkuno umboni ulipo. National Bank itaika ndalama mu mpikisano wa makoleji wa Mo626 mogwirizana ndi BASMAL, ana a sukulu anadzaza mabwalo, phokoso lake ngati la pa Kamuzu Stadium. Ndiye kuti njala ya mpirawu ilipo, chosowa ndi wophika. Taonaninso Bravehearts. Griffin Kalua anaiyambitsa mu 2015, dzulodzuloli, koma pofika 2024 inali ku Nairobi m'ndime ya matimu 16 olimbirana malo mu Basketball Africa League. Chinsinsi chake si mankhwala ayi. Amatola ana akadali aang'ono, kuwathandiza sukulu, n'kuwasunga. M'mera mpoyamba, anatero akuluakulu. Ngati kalabu yopanda kalasi ndi imodzi yomwe ikukopa ana ndi maphunziro, yunivesite yokhala ndi makalasi ambirimbiri ingalephere bwanji?

Tsono mawu anga ndi awa. Poyamba ndilankhule ndi inu madoda ndi amayi amene munadya nyemba za ku Chirunga. Lero ena ndinu majaji, maloya, mabwana a mabanki, nduna zimene. Mukakumana kumalo omwera mumakumbutsana za Hawks ndi Bobcats ya ku Poly mpaka usiku, koma m'thumba dzanja silifika. Kodi kusonkha kathumba koti timu ikhale ndi kochi wokhazikika, mayunifomu ndi mafuta a basi n'kovuta kuposa kusonkha za ukwati? Mutu umodzi susenza denga, koma mitu yanu ndi yambiri zedi.

Kachiwiri, a Hawks tayang'anani kunyanja. Kuchokera ku Makawa, kudzera kuno ku Nkhudzi mpaka ku Monkey Bay, kuli anyamata ndi atsikana amisinkhu, mapewa otakata chifukwa chopalasa bwato ndi kukoka khoka. Ambiri sanaonepo dengu la basiketibolo ndi maso. Mnyamata akafika Fomu 2 amayamba kuwerengera: usipa uli ndi ndalama ya lero, ku Joni kuli ndalama ya mawa, sukulu ili ndi chiyani? Ndipo timawataya motero, ena pa chilimira, ena pa basi ya ku Johannesburg. Apa ndiye pagona nkhani yanga. Bwalo la basiketibolo ndi mamita 28 m'litali, 15 m'lifupi, dengu lake mamita 3.05 kuchoka pansi. Simenti, mapolo awiri ndi zitsulo ziwiri zozungulira, basi. Mabwalo otere atakhala pa sekondale za Lisumbwi, Mangochi ndi St Michael's ku Malindi, osewera a Hawks ndi Lady Hawks n'kumabwera pa holide kudzaphunzitsa, mwana wa msodzi adzaona ndi maso ake kuti munthu angathe kudumpha ndi mpira uku akuwerenga za malamulo. Mwana ameneyo adzalimbikira mapointi kuti akavale yunifomu imeneyo. Timu yapeza osewera, ife makolo tapeza digiri. Waluza ndani pamenepo?

Kachitatu, a BASMAL ndi a SOZOBAL khalani pansi ndi akuluakulu a makoleji, muyale makalendala anu pa tebulo limodzi. Masewero ena abwere ku Zomba, ena ngakhale kuno ku Mangochi. Lilongwe inalandira Griffin Saenda Sports Complex pa masewero a achinyamata a Region 5 mu 2022. Ife sitikupempha chinyumba chotero, tikungopempha kuti mpira uziyendako.

Ndiye mukandifunsa kuti chaka chino tiyembekezere chikho, ndikuuzani mosapsatira kuti ayi, musagule mbuzi ya phwando. Chimene ndikufuna kuona ndi timu yofika pa masewero onse, yosaluza ndi manyazi, yosunga ana a chaka choyamba mpaka atapsa. Zikatero kwa zaka 3 zotsatizana, a Bravehearts adzayamba kugona ndi diso limodzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Koma tikangokhala manja lende n'kumakumbutsana za kale, kabawi ameneyu adzasanduka nkhuku ya chitopa, ndipo mlandu sudzakhala wa ana ayi, udzakhala wathu.

Tionana sabata ya mawa, ngati mwera ulola.