Walira Mvula Walira Matope

Makolo athu, amene anaphunzira nzeru zawo m'munda ndi pabwalo la milandu, anati walira mvula walira matope. Ndipo ngakhale mwambiwu unabadwira m'dzinja, uyenera kunenedwanso lero pa nkhani ya apolisi, pakuti tonsefe tikhumba kugona tulo tosadzidzimuka, koma ndi owerengeka amene afunsa chimene mlonda wa tuloto adya.

Pamene atsamunda anakhazikitsa polisi ya Nyasaland m'chaka cha 1921, likulu lake lili ku Zomba, anthu a dziko lino anali atangopyola 1 miliyoni, ndipo milandu yambiri inkathera pabwalo la mfumu. Pa kalembera wa 1966 tinali 4 miliyoni, ndipo pa kalembera wa 2018 tinakwana 17.5 miliyoni. Akuluakulu amene asimba kuti m'masiku a Kamuzu munthu ankagona chitseko chosatseka asaiwale kuti bata lija linali lotsika mtengo chifukwa mbali yake inkasungidwa ndi mantha, pokhala apayoniya ndi ayufi anali ponseponse. Koma asilikali atalanda zida za apayoniya mu Disembala 1993, goli lonse linatsala pakhosi pa wapolisi, ndipo bata limene kale tinkalilipira ndi mantha linayenera tsopano kulipiridwa ndi ndalama za msonkho.

Tsiku lina ndinaperekeza mnansi wanga, amene mbala zinamuthyolera khola ndi kutenga mbuzi zisanu, kukadandaula kupolisi. Mnyamata amene tinampeza pakauntala anatilandira mwaulemu, nalemba zonse m'buku lake lalikulu, kenaka anazolika nati, "Bambo, galimoto ilipo, koma mafuta mulibe." Kuseri kwa nyumbayo galimoto ina inali itakhala pa njerwa, udzu utamera pansi pake. Mnansi wanga, amene anali ataberedwa kale usiku, anapisanso m'thumba m'mawa.

Tsono pamene tiona anyamata ndi atsikana akuguba pa sukulu ya apolisi ku Kanjedza, yunifolomu ili mbuu, nduna ikulonjeza kuti chaka chamawa adzalemba enanso, tiyenera kukondwera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Komatu aphungu amene avomereza bajeti akumbukire kuti wapolisi aliyense watsopano abwera ndi mimba yake, mkazi kapena mwamuna wake, ana ofuna fizi, ndi kusowa kwa nyumba, m'dziko limene mabanja awiri agawana nyumba imodzi m'malayini a polisi. Kuchulukitsa antchito osachulukitsa chakudya chawo ndiko kumanga mbuzi yanjala m'mphepete mwa dimba. Ndipo tikadzaona dzanja likutambasuka pa rodibuloko, tidzadzudzula mbuziyo, osafunsa amene anaimangirirapo.

Ndalamazo tizikana ku Nyumba ya Malamulo, koma tizilipirabe m'njira zina: olemera alipira makampani a alonda ndi mipanda ya magetsi, osauka asonkha mwezi ndi mwezi kupatsa anyamata oyenda usiku ndi zibonga ndi mawezulo, ndipo pamene zonsezi zalephera, khamu lotopa ndi kudikira limagwira munthu, wolakwa kaya wosalakwa, ndi kumuveka tayala. Petulo amene anasowa m'galimoto ya apolisi, tsiku limenelo sasowa.