Lipenga Silikalamba

Inu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amene munkaliza malipenga amkuwa paunyamata, kaya kusukulu, mu Boys' Brigade kapena mu Salvation Army, mau athu mlungu uno ndi awa: bwererani ku bandi.

Ambiri amati, "Ndakula, ana adzandiseka." Nzoona kuti milomo imafooka munthu akasiya lipenga zaka zambiri, koma zala siziiwala. Yambani ndi mau apansi okoka, mphindi 15 patsiku, ndipo milomo ikalema pumulani. Lipenga litsukeni ndi madzi ofunda. M'mavalavu thirani mafuta ake, osati ophikira.

Ena amati malipenga ngacilendo. Iai. Itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, makolo athu anatengera kuguba kwa asilikali, napanga malipenga a zikho obvinira mganda.

Mukatha kukolola nchito imacepa. Nthawi yake ndi yomweyo. Funani anzanu, pakuti mutu umodzi susenza denga: koneti payokha si bandi. Akulu mukakhala cete, malipenga adzangogona m'mabokosi, ndipo ana athu adzasowa wowaphunzitsa.