MUSAGULITSE LAPUTOPU CHIFUKWA CHA EMULATOR

Ndi ine uja, mwana wa msodzi wa ku Msaka, amene masiku ano ndikukhala ku Ndirande. Uthengawu ndi wautali monga mwa masiku onse, ndiye amene batire yake ili pafupi kutha ayambe watchaja.

Sabata yathayi mnyamata wina wa ku Bangwe ananditumizira uthenga pakati pa usiku. Akuti: "Achimwene, ndikugulitsa laputopu yanga, mukapeza wogula mundiuze. Zopanga ma app si zanga ayi. Milungu itatu tsopano emulator ikungokana kutseguka." Mtima unandipweteka, chifukwa aka sikoyamba kumva zoterezi. Ku Chilomoni ndamvako, ku Machinjiri ndamvako. Ana anzeru akusiya ntchito asanaiyambe n'komwe, chifukwa cha chinthu chomwe si ntchitoyo ayi.

Kwa amene uthengawu wangokupezani ndipo simukudziwa chomwe ndikunena: emulator ndi foni yongoyerekeza, yomwe imatseguka pa sikirini ya kompyuta. Munthu akamapanga app ya Android ndi pulogalamu ya Android Studio, amaiyesera pa foni yoyerekezayi kuti aone ngati ikuyenda. Basi, ntchito yake ndi yomweyo.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. *Emulator ndi chida chothandiza, koma si chipata cholowera pa ntchito imeneyi, komanso si woweruza wa app yanu.* Woweruza ndi foni yomwe ili m'thumba la munthu amene mukumupangira app-yo.

Ndiyambe ndi zomwe zimaikanitsa kutseguka, kuti wina asati ndikunyoza chinthu chomwe chinandilephera.

*1. Virtualization.* Iyi ndi mphamvu ya processor yolola kompyuta kuyendetsa makina ena mkati mwake. Pa Intel amati VT-x, pa AMD amati SVM kapena AMD-V. Laputopu zambiri zakale zomwe timagula kwa anthu zimabwera ili yothimitsa. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, dinani CPU, muone ngati palembedwa Virtualization: Enabled. Ngati ayi, yambitsaninso kompyuta, lowani mu BIOS, muiyatse. Pa HP nthawi zambiri ndi F10, pa Dell ndi F2, pa ThinkPad ndi F1. Mphindi zisanu sizikwana.

*2. Mavidiyo akale.* Ambiri mumatsatira mavidiyo a pa YouTube okuuzani kuti muike HAXM. Intel inasiya kuikonza HAXM mu 2023. Pa Windows ya masiku ano yatsani Windows Hypervisor Platform, mupeza pa Turn Windows features on or off. Amene muli pa Linux, yanu ndi KVM. Vidiyo musanaitsatire muziona kaye chaka chomwe inajambulidwa.

*3. System image.* Iyi ndiye Android yeniyeniyo yomwe imalowa mu foni yoyerekezayo. Ngati laputopu yanu ndi ya Intel kapena AMD, sankhani yolembedwa x86_64. Ya arm64 ndi ya makompyuta ngati a Apple atsopano aja. Samalani podina, chifukwa imodzi yokha imapitirira 1GB, mukalakwitsa ndiye kuti bandulo yapita m'madzi.

*4. Magetsi.* Ili ndi lathu lenileni. Batire ya laputopu inafa kalekale, magetsi athima emulator ili mkati moyenda, akabwera ikukuuzani kuti ili kale yotsegula pomwe palibe chikuoneka. Pitani mu foda ya .android, kenako avd, mufufute mafayilo othera ndi .lock. Ikakanabe, mu Device Manager muli Cold Boot. Ikakanabe, Wipe Data. Ikatseguka koma sikirini ili yakuda bii, sinthani Graphics ikhale Software.

*5. Seva ya pa laputopu yanu yomweyo.* Mkati mwa emulator, localhost ndi emulator yomweyo, si laputopu yanu. Lembani 10.0.2.2. Kanthu aka kokha kanandidyera masiku awiri, ndinafika pomaganiza kuti ndalodzedwa.

*6. RAM.* Apa palibe matsenga. Eni ake a Android Studio amati 8GB ndi poyambira chabe, ndipo pofuna kuyendetsa Studio ndi emulator pamodzi amatchula 16GB. Ife ambiri tili ndi 4GB. Mukhoza kukonza zonse zisanu zapamwambazi, emulator n'kutseguka ndithu, koma izingokwawa ngati kamba. Vuto si mutu wanu. Katundu wachulukira bwato, basi.

Tsopano mverani chomwe chinandichitikira ine, amene emulator yanga inkayenda bwinobwino.

Bambo anga amapha usipa, amauyanika pa thandala, n'kuutumiza m'matumba kuno ku Blantyre. Amene amaulandira ku Limbe ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, omwe amagulitsa mumsika wa Ndirande. Usipa wina amapikulitsa pa ngongole kwa amayi omwe amakagulitsa pa milu m'makwalala. Akatolera ndalama ndi pomwe amatumiza kunyanja. Zaka zonsezi ngongolezi ankalemba m'kope la ana asukulu, lonunkha nsomba, masamba ena atanyowa.

Ine ndi kasukulu kanga ndinati, "Azakhali, kope limeneli litayeni, ndikupangirani app." Ndinaipanga. Pa emulator inkaoneka bwino zedi, ndinaiyesa kambirimbiri osalakwa ndi kamodzi komwe. Foni yoyerekezayo ndinasankha Pixel yaikulu, yamakono, intaneti ikuchokera pa laputopu osadukaduka. Ndinawaikira pa foni yawo ndikunyada.

Patatha milungu itatu bambo anandiimbira. Sanandipatse moni n'komwe. Anangoti, "Iwe, chinthu chako chija chadya usipa wanga."

Chinachitika n'chiyani? Azakhali ankayamba kulemba dzina la munthu ndi kuchuluka kwa usipa womwe watenga. Munthuyo n'kunena kuti theka ndatumiza pa foni. Iwo n'kutuluka mu app, asanadine batani losunga, kukaona ngati ndalamayo yalowadi. Kafoni kawo ndi ka 1GB RAM. Android ikaona kuti malo achepa, imatseka mwakachetechete app yomwe ili kumbuyo. Pobwerera ankapeza app yayambiranso pa tsamba loyamba, iwo n'kuganiza kuti zasungidwa kale. Ngongole zinayi zinasowa choncho. Ndalama yomwe inafika kunyanja inaperewera, bambo n'kuyamba kukayikira mlongo wawo, azakhali n'kumalira kuti zaka zonsezi sanabepo ngakhale kausipa kamodzi. Anthu obadwa bere limodzi anakhala masiku osalankhulana chifukwa cha ine.

Wolakwa sanali azakhali, sinalinso foni yawo. Ndinali ine. App yabwino imayenera kusunga zomwe munthu walemba ngakhale itatsekedwa mwadzidzidzi. Ine sindinaganizeko zimenezo, chifukwa pa emulator yanga panalibe chomwe chinkaitseka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kwathu bwato latsopano akalisema, amaliyesa kaye pagombe, madzi a m'chiuno, kuona ngati likuchucha kapena likupendekera mbali imodzi. Kuyesa kumeneko n'kofunika. Koma palibe msodzi amene angakuuzeni kuti bwato ili ndi labwino lisanakumane ndi mwera wa mu June. Emulator ndi madzi a m'chiuno aja.

Nditapita kukakhala pa benchi ya azakhali tsiku lonse, ndinaona zina zomwe kompyuta sikanandionetsa. Zilembo zanga zotuwa zija, padzuwa la mumsika sizinkaoneka n'komwe. Mabatani anali aang'ono, pomwe zala zawo zili ndi mamba ndi mchere. Iwo anakulitsa zilembo za foni yonse chifukwa cha maso, ndiye mawu a Chichewa, omwe ndi aatali kale, ankadukira pakati. Foniyo inali yodzaza ndi mavidiyo a makwaya a pa WhatsApp moti malo osungira zinthu anali atatsala pang'ono kutha. Netiweki pansi pa malata a msika imabwera n'kumapita. Zonsezi ndiye Malawi amene tikumupangira ma app.

Taganizaninso izi. Mafoni omwe adzaza m'manja mwa anthu kuno ndi itel, Tecno ndi Infinix, onse a kampani imodzi ya Transsion ya ku Shenzhen, kuphatikizapo ma Samsung otsika mtengo. Ambiri ndi a ma SIM awiri. Ambiri mwa otchipawo amayendera Android Go, yomwe inapangidwira mafoni a RAM yochepa. Ndipo kampani iliyonse imaikamo njira zakezake zosungira batire, zomwe zimagoneka ma app akumbuyo. Emulator imakupatsani Android yoyera ya Google, ilibe zimenezi. Ilibenso SIM yeniyeni. Simungaimbe *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba pamenepo. Ndiye ngati app yanu ikukhudza ndalama za Amalawi, mbali yofunikitsitsayo simunaiyese.

N'chifukwa chake ndikuti inu a 4GB musadzimvere chisoni. Foni yomwe mukuwerengera uthengawu ndi yokwana kuyambira ntchito. Pitani ku Settings, About phone, mupeze Build number, muidine kasanu ndi kawiri. Developer options itseguka. Yatsani USB debugging, lumikizani foni ku laputopu, foni ikafunsa muvomere. Lembani adb devices. Ikaoneka pamndandanda, dinani Run mu Android Studio, app yanu itseguka m'manja mwanu. Ikalemba unauthorized ndiye kuti simunavomere pa foni paja. Ikapanda kuoneka n'komwe, yambani mwasintha chingwe, chifukwa zingwe zambiri zotchipa ndi zotchajira zokha, sizinyamula data. Kuyambira Android 11 mukhozanso kulumikiza pa Wi-Fi popanda chingwe. Ndipo ngati mukufuna kuona sikirini ya foni pa laputopu, pali kapulogalamu kaulere kotchedwa scrcpy, n'kopepuka kwambiri.

Mu Developer options momwemo muli kabatani kolembedwa *Don't keep activities*. Kayatseni poyesa app yanu. Mukangotuluka mu app, foni imafafaniza tsamba lomwe munalipo, pafupifupi monga inkachitira foni ya azakhali. Ndikanakadziwa kabatani kameneka, bambo ndi mlongo wawo sakanayambana. Mukamaliza kuyesa muzikathimitsa.

Ena mundiuza kuti, "Amwene, ndiye emulator tiitaye?" Ayi, sindinatero. Ili ndi ntchito yake. Simungagule foni ya Android iliyonse, yakale ndi yatsopano, kapena ya sikirini ya msinkhu uliwonse, pomwe emulator imakupatsani zonsezo. Pempho langa kwa inu amene makina anu ndi amphamvu n'lakuti muziisaukitsa dala. Musamasankhe Pixel yapamwamba. Pangani foni ya sikirini yaing'ono, RAM muichepetse, muikemo Android ya zaka zingapo zapitazo. Dinani timadontho titatu tam'mbali tija, pa Cellular musankhe EDGE, muone ngati app yanu ingapirire. Batire muitsitse. Ikapulumuka pamenepo, itengereni pa foni yeniyeni, kenako kwa munthu weniweni, inu mukhale pambali pakamwa muli chotseka, muzingoonerera pomwe akukakamira.

Kwa akuluakulu amene mukuphunzitsa ana zimenezi, kaya m'makoleji kaya pakhonde: chonde tsiku loyamba lisamakhale la emulator. Mwana aone kaye dzina lake likutuluka pa foni yake, mtima ugwire. Zina zibwera pambuyo.

Ndipo kwa tonsefe a m'ma township muno, mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chiyani anthu khumi a ku Zingwangwa aliyense akuotcha bandulo yake kukopera fayilo imodzimodzi? Mmodzi akakopera, foda ya Sdk imatheka kuisamutsa pa fulashi. Komanso m'nyumba zathu muli mafoni akale osweka galasi omwe angogona m'madilowa. Tiwasonkhanitse. Mafoni asanu osiyanasiyana m'kachikwama kamodzi, tizibwerekana. Kunyanja munthu wopanda nyali amakwera ndi mnzake wa nyali, nsomba n'kugawana.

Za azakhali: ndinapita kukapepesa, ndinaimbiranso bambo n'kuwafotokozera kuti wakuba palibe, cholakwa ndi changa. Ngongole ziwiri eni ake anavomera okha, ziwiri zinazo ndinabweza ine pang'onopang'ono. App ndinaikonza, tsopano imasunga chilichonse pomwe munthu akulemba. Akuigwiritsa ntchito, koma kope lija sanalitaye, amalemba konsekonse. Ndinawafunsa chifukwa chake, anangoti, "Mwanawe, kope silinandinamizepo." Ndinasowa choyankha.

Za mnyamata wa ku Bangwe uja: Loweruka ndinakwera minibasi kupita kwawo. Virtualization inali yothimitsa, tinaiyatsa. Emulator inatseguka, koma ndi 4GB yakeyo inkatenga nthawi moti tinamwa tiyi n'kumaliza. Tinaitseka, tinatenga foni yake ndi chingwe chobwereka kwa a neba, ndipo app yake yoyamba inatseguka m'manja mwake. Anathamangira kukawaonetsa amayi ake kukhitchini. Laputopu ija sakugulitsanso.

Ngati mukudziwa mwana wina amene watsala pang'ono kugwa ulesi pa chifukwa chomwechi, mutumizireni uthengawu. Amene muli ndi foni yakale yogona, musaitaye, tiuzane.

Mukhale bwino nonse.

Mwana wa msodzi,
Ndirande