MALANGIZO A MLUNGU UNO: Kuchokera pa Bwalo la Ndege la Durban Kufika ku Gombe la Nyanja



Mwezi wa Disembala wayandikira, ndipo m'makomboni monse nkhani ndi ya tchuthi. Ena adzapita kwawo kukaona ana ndi kukathandiza kupalira. Koma ena, amene masiku awo ndi ochepa, aganiza zopita ku KwaZulu-Natal kukaona nyanja yamchere. Ambiri a iwo afuna kukwera ndege pa bwalo la O.R. Tambo, pakuti ndege imafika ku Durban pa ora limodzi ndi mphindi zochepa, pamene basi ya mumseu wa N3 imatha maora 7 kapena kuposapo. Tsono mlungu uno tikambe za chimene munthu ayenera kuchita atatsika m'ndegemo, chifukwa pamenepo ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimayambira kuonongeka.

Makolo athu amene anadza ku Joni ndi Wenela anaidziwa ndege kalekale. Anali kukwera pa Chileka natsikira ku Francistown, ndipo kumeneko anali kuwawerenga ndi kuwakweza sitima ya pamtunda kufikira ku Johannesburg. Munthu sanali kufunsa njira, pakuti kapitao anali kutsogolera. Ulendo wa tchuthi suli wotero ayi. Mukatuluka pa khomo la bwalo palibe wokuitanani dzina, ndipo kapitao ndinu nokha.

Choyamba, dziwani pamene mwatsikira. Bwalo lakale la Durban linali kummwera kwa tauni, pafupi ndi Isipingo, koma ndege zonyamula anthu zinaleka kutera pamenepo mu 2010. Bwalo latsopano, lotchedwa King Shaka, linatsegulidwa mu Meyi chaka chomwecho ku La Mercy, makilomita 35 kumpoto kwa tauni. Chifukwa chake mnzanu amene anapita kalelo akakuuzani kuti Amanzimtoti ali pafupi ndi bwalo, dziwani kuti akunena za bwalo limene linatsekedwa. Ndiponso pa King Shaka sipafika njanji. Aliyense amachokapo pa galimoto.

Chachiwiri, dziwani gombe limene mukupita, pakuti gombe la kumeneko ndi lalitali ndithu. Umdloti, Ballito ndi Umhlanga ali pafupi, ndipo galimoto imafikako theka la ora lisanathe. Magombe a m'tauni ya Durban, kumene kumapita khamu lalikulu, ndi ulendo wa mphindi 30 kapena 40 ngati mseu uli bwino. Koma Scottburgh, Port Shepstone ndi Margate ali kummwera, kupitirira tauni yonse. Kuchoka pa bwalo kufika ku Margate ndi pafupifupi makilomita 170 pa mseu wa N2, ulendo wa maora awiri. Munthu amene akwera takisi yekha pa mtunda wotere akhoza kulipira ndalama zoposa zimene anagulira tikiti ya ndege.

Njira zochokera pa bwalo zilipo zinayi. Yoyamba ndi takisi, kaya ya mita kaya yoitana pa foni monga Uber ndi Bolt. Imeneyi ndi yabwino pa ulendo waufupi, makamaka mukakhala atatu kapena anayi ndi kugawana mtengo. Ngati ndi ya mita, funsani mtengo musanaike katundu m'galimoto. Ngati ndi ya pa foni, onani kuti nambala ya galimoto ndi yomwe foni yakuonetsani. Munthu amene akutsatani pa khomo nakunong'onezani kuti ali ndi galimoto yotchipa kuseri, mkaneni mwaulemu ndi kupitirira.

Yachiwiri ndi mabasi aang'ono amene amanyamula alendo kuchoka pa bwalo kupita ku mahotela ndi ku matauni a m'gombe. Kwa munthu mmodzi wopita kutali, imeneyi ndiyo njira yanzeru. Koma mabasiwa amayenda pa nthawi zake, ndipo mu Disembala mipando imatha msanga. Lembetsani malo musanachoke ku mgodi, ndipo mugule tikiti ya ndege imene nthawi yake igwirizana ndi ya basi.

Yachitatu ndi makombi, amene tonse tiwadziwa. Ndiwo otchipa koposa, koma a ku gombe la kummwera amanyamukira m'marenki a m'kati mwa tauni, kotero kuti muyenera kufika kaye ku Durban ndi kusintha galimoto. Kombi sinyamuka isanadzaze, ndipo kukada makombi amachepa. Mlendo wonyamula sutikesi yatsopano, wofunsafunsa njira pa renki dzuwa litalowa, akuba amamuona patali.

Yachinayi ndi kubwereka galimoto kwa makampani amene ali pa bwalo pomwepo. Iwo amafuna laisensi yabwino ndi khadi la ku banki, ndipo amagwira ndalama ya chikole kufikira mutabweza galimotoyo. Muwerengerenso petulo ndi msonkho wa pa zipata za mumseu wa N2. Amene ayendetsa asalawe mowa, pakuti nyengo ya Khirisimasi apolisi amadzaza m'miseu, ndipo ngozi zimachuluka.

Njira iliyonse imene musankha, kwerani ndege ya m'mawa kuti mufike kukali koyera. Pezeranitu malo ogona, ndi kulemba keyala yake pa pepala, chifukwa foni imatha moto. Pasipoti ndi chilolezo chanu cha ntchito zikhale m'thumba la mkati, osati m'sutikesi. Ndipo koposa zonse, tumizani kaye ndalama za kumudzi musananyamuke. Feteleza wa chimanga ndi fizi ya ana mu Januwale sizidikira kuti bambo abwere ku nyanja. Zotsalazo ndizo za tchuthi.

Mukafika ku gombe musachite manyazi kuponda mchenga. Lamulo la 1953 linalola kugawa magombe monga mwa khungu la munthu, ndipo makolo athu amene anakumba golide wa dziko lino sanaloledwe kusamba pa magombe abwino. Magombewo anatsegulidwa kwa onse mu 1989, ndipo lamulolo linafafanizidwa mu 1990. Tsono pitani monga anthu amene mwagwira ntchito yanu nimulandira mpumulo wanu.

Koma nyanjayo muiope. Ngakhale inu a ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, amene munabadwira m'bwato, dziwani kuti Nyanja ya India siili monga ya kwanu. Pali malo ena pamene madzi amene mafunde aponya ku gombe amabwerera m'kati mwa liwiro ngati mtsinje, ndipo amakoka ngakhale munthu wamphamvu. Sambani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pamene pali alonda opulumutsa anthu. Madzi akakukokani musalimbane nawo. Yandamani, kwezani dzanja, ndipo musambire cham'mbali motsata gombe kufikira mutatuluka m'mkokomo. Kulinso nsomba zolusa zotchedwa shaki. Kuyambira Disembala 1957 kufikira Epulo 1958 zinapha anthu 6 pa gombe la kummwera, ndipo alendo anathawa m'mahotela. Mu 1964 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira maukonde otchinga nsombazi, koma maukondewo ali pa magombe osankhika okha. Werenganinso zikwangwani, pakuti chichokere chigumula cha mu Epulo 2022, chimene chinaononga mapaipi a zonyansa, magombe ena akhala akutsekedwa nthawi zina madzi akaipa. Mowa ndi woletsedwa pa gombe, ndipo ena amene amamira amakhala atamwa. Safunsa anadya phula: funsani mlonda musanalowe m'madzi.

Potsiriza, kumbukirani ulendo wobwerera. Pa 16 ndi pa 26 Disembala, ndiponso pa 1 ndi pa 2 Januwale, miseu ya ku gombe imadzaza, ndipo ulendo wa maora awiri ukhoza kukhala wa maora anayi. Patulani ndalama ya galimoto yobwerera tsiku lomwe mwafika, muisunge payokha. Fikani pa bwalo kukali ora limodzi ndi theka ndege isananyamuke. Ndege sidikira munthu, ndipo tikiti yotchipa ikakusiyani kawirikawiri imapita ndi ndalama zake. Amene achedwa ku bwalo achedwanso ku shifiti, ndipo ntchito imene idyetsa banja lonse siyenera kutayika chifukwa cha tsiku limodzi la pa mchenga.

Muyende bwino, ndipo mubwere amoyo.

Ndine wanu,
Mlangizi