ZA KUSANKHIRA ANA ATHU YUNIVESITE YA MAPHUNZIRO A MALONDA

Kwa Mafumu olemekezeka, ndi kwa abale onse a Bungwe lathu okhala m'Blantyre, m'Limbe ndi m'midzi yozungulira:

Tikulemberani kalata iyi kuti muiwerenge musanafike ku msonkhano, pakuti nkhani yake ikhudza nyumba iri yonse imene muli mwana wotsiriza Folomu 4. Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, makolo amadza kwa ife nati, "Mwana wathu afuna kuphunzira za malonda; timtumize kuti?" Yankho lathu ndi ili: msankhireni sukulu imene mapointi ake angamlowetse, ndi imene banja lingathe kulipira kufikira chaka chotsiriza. Kumveka kwa dzina la sukulu kudze pambuyo pa ziwirizi.

Tikumbuke kumene tachokera. Makolo athu anapempha Boma sukulu ya sekondale kwa zaka zambiri, kufikira Blantyre Secondary School inatsegulidwa m'chaka cha 1940. Masiku amenewo wofuna maphunziro oposa apo anayenera kunka ku Fort Hare ku South Africa, kapena ku Makerere ku Uganda, ndipo opitawo anali owerengeka. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo Polytechnic ya pa Chichiri inayamba mu 1965. M'chaka cha 2021 Polytechnic imeneyo inaima payokha, nitenga dzina lakuti Malawi University of Business and Applied Sciences, mwachidule MUBAS. Chimene makolo analirira chafika pakhomo pathu. Vuto latsala ndi kusankha mwanzeru.

Choyamba, tiyang'ane mapointi. Kuti mwana alingaliridwe malo pa yunivesite ayenera kukhala ndi makirediti 6, limodzi mwa iwo la Chingerezi, ndipo maphunziro a kuwerengera ndalama afunanso kirediti ya masamu. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwana anakhoza koposa, ndipo wochepa mapointi ndiye wapambana. Koma kukhala ndi makirediti 6 sindiko kupeza malo, pakuti opempha ndi ochuluka kuposa mipando. Pempho lolowera m'mayunivesite a Boma limadzera ku National Council for Higher Education, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo mwana amapatsidwa mpata wolemba maphunziro angapo motsatana monga awafunira. Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka. Amadzaza mizere yonse ndi maphunziro amene aliyense akuwathamangira pa MUBAS, ndipo akalephera woyamba alephera yonse. Tilangize ana kuti mzere woyamba alembe chimene mtima ufuna, koma m'mizere yotsatira alembe maphunziro amene mapointi awo angawafikitse, ngakhale kutali ndi kwathu, monga ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Bunda. Aphunzitsi akulu a sukulu imene mwana anaphunzira amadziwa mmene ana awo a zaka zapitazi anasankhidwira, kawafunseni. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, tiwerenge ndalama za zaka zonse 4, osati za chaka choyamba chokha. Fizi ndi gawo limodzi chabe. Malo ogona pa sukulu sakwanira onse, kotero ana ambiri amachita lendi ku Chitawira, ku Zingwangwa kapena ku Ndirande. Pali chakudya, mabuku, kompyuta, ndi ndalama ya minibasi kwa wochokera ku Bangwe, ku Machinjiri kapena ku Chirimba. Banja likhale pansi pamodzi ndi malume ndi onse amene alonjeza thandizo, lilembe zonsezi pa pepala, ndipo aliyense anene chimene adzapereka ndi nthawi yake. Lonjezo la pa maliro kapena pa ukwati lisawerengedwe ngati ndalama ya m'manja. Bungwe la Boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, limene linakhazikitsidwa mu 2015, liripo, ndipo ana apemphe msanga. Koma si wopempha aliyense amene amalandira, ndipo imeneyo ndi ngongole yobweza, si mphatso ayi.

Tinaona ndi maso athu banja lina la kuno limene linagulitsa munda wa makolo kuti mwana alowe sukulu ya mtengo wapatali. Ndalamazo zinakwanira zaka 2. Mwana anabwerera wopanda satifiketi, ndipo lero banja lonse limagula chimanga pa msika wa ku Limbe, pamene kale linkadya cha m'nkhokwe yake.

Chachitatu, tichenjere ndi masukulu a kunja kwa dziko. Fizi yake imalipidwa m'ndalama zakunja, ndipo kwacha yathu siikhazikika. M'mwezi wa May 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100, kotero kuti dola imodzi ya ku America inachoka pa K1,180 nifika pa K1,700. Kholo limene linali ndi mwana kunja linadzuka m'mawa fizi itakwera, ngakhale sukulu sinaonjezepo kanthu. Mwana amene wapatsidwa thandizo lokwanira fizi, chakudya ndi ulendo apite ndi madalitso athu. Koma wodalira malipiro a atate ake a pa mwezi ayambe waona za kuno.

Chachinayi, tifunse ngati sukulu ndi yovomerezeka. Masukulu oyendetsedwa ndi mipingo ndi anthu wamba achuluka m'tauni muno, ndipo ena aphunzitsa bwino. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. National Council for Higher Education imasindikiza mndandanda wa masukulu ndi maphunziro amene yawavomereza. Musanapereke tambala, onani kuti dzina la sukulu liripo, ndiponso kuti maphunziro enieni amene mwana akatenge alembedwamo, pakuti sukulu ikhoza kuvomerezedwa pa maphunziro ena koma osati pa onse.

Amene sanasankhidwe ku yunivesite ya Boma asayese kuti njira yatha. Catholic University of Malawi, imene inatsegulidwa mu 2006 ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, iphunzitsa za malonda ndipo siiri kutali ndi Limbe. Malawi College of Accountancy iri pa Ginnery Corner pompano. Mwana akhozanso kulemba mayeso a Institute of Chartered Accountants in Malawi gawo ndi gawo, akugwira ntchito m'sitolo kapena mu ofesi, nadzilipirira yekha pang'onopang'ono. Njira imeneyi ndi yaitali, koma siidya munda wa munthu.

Ena adzanena kuti tikuchepetsa mitima ya ana, ndi kuti mwana wa mmphawi ayeneranso kufuna zazikulu. Tivomereza, ndipo ndicho chifukwa tati mzere woyamba ukhale wa chimene mtima ufuna. Koma mwana wofuna kuphunzira malonda ayambe ndi phunziro loyamba la malonda onse, ndilo kuyesa mtengo wa chinthu ndi ndalama zimene ali nazo asanachigule. Wolemba ntchito adzafunsa satifiketi yotsirizidwa, ndipo zaka 2 pa sukulu yomveka sizidzamkwanira.

Chifukwa chake tipempha inu Mafumu, amene nthaka ya makolo iri m'manja mwanu, kuti munthu akadza kwa inu kufuna kutaya munda chifukwa cha fizi, muyambe mwamfunsa mafunso atatu: kodi sukuluyo ndi yovomerezeka, kodi ndalama za zaka zonse zawerengedwa, ndipo kodi banja lidzadya chiyani munda ukapita? Tipemphanso abale a Bungwe amene anaphunzira kuti aliyense athandize mabanja a m'dera lake kudzaza mapepala a pempho kopanda malipiro, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mfundo ziwirizi tidzaziika pamaso pa msonkhano kuti muzivomereze kapena muzikonze. Amene ali ndi ana otsiriza Folomu 4 abwere nawo, pamodzi ndi mapepala a zotsatira zawo.

Ndife anu mu ntchito ya mtundu wathu,
Akomiti a Bungwe.