Akakudulani malipiro, musathamangire katapila

Lero sitikamba za malungo kapena sikelo ya ana. Tikambirane za ngongole, chifukwa ikudwalitsa anthu ambiri amene ndikuwaona kuchipatala.

Mayi wina anabwera mutu ukuwawa, tulo osapeza, BP itakwera. Nditawafunsa bwinobwino anandiuza nkhani yonse. Amuna awo amagwira ntchito ku esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Kwa miyezi ingapo ofesi inkawapatsa ndalama yopitirira imene ankayenera kulandira, iwo osadziwa. Cholakwikacho chitadziwika, anayamba kuwadula mwezi ndi mwezi. Ndalama yofika pakhomo inachepa. Mayiwo anatenga katapila kuti agule chimanga, kenako anakongola ku banki mkhonde kuti abweze katapilayo, kenako anakongolanso pafoni. Mankhwala a BP anasiya kukatenga chifukwa ndalama ya kabaza inasowa.

Ku Joni anzathu amavutika ndi makadi a ngongole a ku banki ndi a m'masitolo. Kuno kwathu vuto ndi lomwelo, kungoti limabwera ndi mayina ena: katapila, ngongole ya pafoni, ngongole ya kugulu.

Maganizo anga ndi awa. Ndalama imene akukudulani chifukwa anakulipirani mopyoza, kawirikawiri ilibe chiongoladzanja. Mwezi uliwonse imatsika mpaka idzatha. Katapila ndiye amabereka. Tiwerengere limodzi: mwakongola K50,000 kuti mubweze ndi theka lake pamwamba. Mwezi ukatha ndi K75,000. Mukalephera, mwezi wotsatira yafika K112,500. Ndiye kutenga katapila pofuna kutseka mpata wa ndalama yodulidwa n'kuwonjezera moto panyumba imene ikupsa kale.

Nanga muchite chiyani?

Choyamba, pitani komwe akukudulaniko. Pemphani kuti akulembereni papepala: anakupyozerani zingati, adula kale zingati, adzamaliza liti. Pemphani kuti azidula pang'ono kwa miyezi yambiri. Kupempha si mlandu. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limanena kuti bwana akamadula ngongole kapena adivansi imene anapatsa wantchito, asapitirire theka la malipiro ake. Ngati sakukumverani, kaonaneni ndi a ofesi ya zantchito kuboma. A Legal Aid Bureau nawonso alipo kuti azithandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Inu amene mumalandira Mtukula Pakhomo, mukauzidwa kuti munalandira mopyoza, kafunseni ku ofesi ya Social Welfare kuti akufotokozereni bwino. Musapereke ndalama m'manja mwa munthu wongobwera pakhomo popanda lisiti. Ndipo khadi yanu, chiphaso cha unzika kapena nambala yachinsinsi ya foni, musasiye kwa wakatapila ngati chikole. Mukatero iye ndiye azilandira, ana anu n'kumagona ndi njala.

Chachiwiri, khalani pansi awiri, bambo ndi mayi, mulembe ngongole zonse m'kope. Zonse, ndi zomwe mumabisirana zomwe. Mutu umodzi susenza denga. Pa iliyonse lembani kuti ikukula ndi zingati pamwezi.

Chachitatu, ndalama ikabwera, yambani ndi mphika ndi mankhwala. Ufa, ndiwo, ulendo wa kuchipatala. Zotsalazo ziponyeni pa ngongole imene ikukula msanga kuposa zonse. Ya kugulu, pitani pamsonkhano mukanene chilungamo, mupemphe nthawi mpaka mudzagulitse nandolo. Kubisala m'nyumba tsiku la msonkhano ndi komwe kumachititsa kuti anzanu abwere kudzatenga mbuzi ndi ndowa.

Ndikudziwa ena muti, "A nesi, mukulankhula chifukwa inu mumalandira pakutha pa mwezi. Mwana akamalira njala usiku, wakatapila ndi yekhayo amene amatsegula chitseko." Zoona. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ndi kutsika kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala chaka chomwecho, mabanja ambiri kuno ku Phalombe sanadzukebe bwinobwino. Sindikuweruza mayi aliyense amene anakongola kuti ana adye. Koma ndikuona mapeto ake tsiku ndi tsiku. Chimanga chogulitsidwa chili m'munda. Chiponde cha mwana wonyentchera chikupezeka pamsika. Mayi woyembekezera akulumpha sikelo poopa kukumana ndi amene anamukongoza panjira. Ngati palibiretu pothawira, kongolani zochepa zoti mudye, kwa m'bale kapena kugulu kwanu kumene chiongoladzanja n'chotsika ndipo anthu ake mungathe kukambirana nawo. Musakongole pofuna kubweza ngongole ina.

Zinthu izi zokha musazikhudze ngakhale zitavuta chotani. Ma ARV, mankhwala a TB, a BP, a shuga ndi a khunyu musadukize. M'zipatala za boma simulipira, ndiye ngati vuto ndi mayendedwe, tiuzeni ifeyo kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, tione mmene tingakuthandizireni. Chiponde ndi mankhwala a mwana amene analembedwa, si chogulitsa. Masikito ndi wogonamo. Ndipo mwana wamkazi si chobwezera ngongole: asasiye sukulu, asakwatiwe msanga chifukwa cha katapila wa akuluakulu.

Abambo, ndilankhule nanu padera. Ambiri mumasenza nkhani izi nokha, n'kumazimiza ndi kachasu. Mukaona kuti tulo tasowa, chakudya sichikulowa, kapena maganizo ofuna kudzichotsera moyo akukubwererani, bwerani kuchipatala lero lomwe, kapena uzani munthu amene mumamukhulupirira. Palibe adzakusekeni. Ngongole imakambidwa, imagawidwa, imatha. Ana anu akufuna bambo wamoyo.

Mayi aja anabweranso patapita milungu itatu. Amuna awo anakapempha, ndipo ndalama yodulidwa inatsitsidwa. Katapila sanamalize kubweza, koma sanatengenso wina, ndipo mankhwala ayambiranso kumwa.

Ngati mukudziwa mnzanu amene ali m'mavuto ngati awa koma alibe foni, muwerengereni uthengawu. Mukhale ndi tsiku labwino, tionana kusikelo.